Nyimbo Imene Anawamana a Sikelo

Kankhirani chikunicho mkati, ndipo amene ali ndi chifuwa atsokomoleretu, chifukwa ndikayamba sindifuna wondidula pakamwa. Nkhani iyi ndi ya alongo anga a Enelesi, a Nachisale, amene anandibereka kumsana ndili khanda. Ndi ya alamu anganso a Elifala Chikadza, ngakhale kuti dzina lawolo ndikalitchula m'kamwa mumandiwawa.

Alamu anali mphunzitsi wamkulu pasukulu ya pulayimale kwathu ku Linthipe mpaka kupuma ntchito, analinso mkulu wa mpingo. Sankaba, sankamwa, sankayang'ana mkazi wa mwini. Zimenezo ndiwavomereze. Koma kuuma mutu kwake! Lamulo ankalikonda kuposa anthu amene lamulolo linaikidwira. Mwana akachedwa kusukulu chifukwa mtsinje unadzaza, ankayamba amukwapula kaye, kenako n'kumufunsa ngati wawoloka bwino. Alongo anga ndiwo ankatsata m'mbuyo kupepesa anthu. Iwo mphatso yawo inali mawu. Pamaliro alionse m'dera lathu, a Nachisale akangoyambitsa nyimbo, ngakhale adzukulu okumba manda, anthu oti alawa kale kachasu m'mamawa, ankavula zipewa.

Atakalamba onse awiri, ana atakula n'kubalalika, mpingo unawapempha kuti akatumikire ku Zimbabwe, pamgodi wina wotsekedwa kuseri kwa Kadoma. Kumeneko kuli machona, anthu akwathu amene anapita kukakumba golide dziko lino likadali Nyasalande, osabwereranso. Mgodi unatsekedwa, eni ake anapita, iwo n'kutsala m'komboni ndi zidzukulu zolankhula Chishona. Katchalitchi anali nako koma wowalalikira analibe. Ine ndinati, "Alamu, ukalamba uno musiye nyumba ya malata ndi mbuzi zanu?" Iwo anayankha kuti Abrahamu ananyamuka ali wamkulu kuposa iwo. Ndinati chabwino, koma Abrahamuyo sankamwa mapilitsi a shuga.

Anapitadi, ndipo chaka choyamba zinawayendera. Anawapatsa nyumba yakale ya kalaliki wa komboni, yothonya pakona imodzi. M'mawa ankapemphera, n'kumwa tiyi, kenako alongo ankakankha wilibala ya zigubu kupita kumjigo. Alamu ankapana miyendo ya thalauza ndi zopanira zovala n'kukwera njinga kukaona odwala m'mafamu ozungulira. Masana alongo ankaphunzitsa amayi kusoka, ndipo atsikana ankawaphunzitsa nyimbo za Chichewa, atsikanawo n'kumapotoza mawu mpaka aphunzitsi awo kuseka misozi. Kuseri kwa nyumba anadzala mpiru ndi maungu, mbewu zochoka nazo kuno. Lamlungu lililonse madzulo ankakwera pachulu china pamene netiweki inkagwira n'kundiimbira foni. Zambiri zimene ndikukuuzanizi ndinazimva pachulu chimenecho, zina ndinakaziona ndi maso angawa.

Pamalopo panali nkhalamba ina, a Sikelo. Anachoka ku Kasungu ali mnyamata, atangomanga ukwati m'tchalitchi, n'cholinga chokagwira ntchito zaka ziwiri agule njinga ndi bulangete. Zaka ziwirizo zinasanduka moyo wonse. Za mkazi wa ku Kasungu sanamvenso, kaya ali moyo kaya anatisiya. Ku mgodiko anatenga mayi wa Chishona, mai Marwei, n'kukalamba naye limodzi. Ndiye mwa malamulo a mpingo a Sikelo anali munthu wakunja, popeza ukwati wachiwiri sukanadalitsidwa woyamba usanadziwike mathero ake. Mgonero sankadya. Ankakhala pabenchi lakumbuyo, pafupi ndi chitseko. Koma njerwa za tchalitchicho anaumba ndi iwo, ankasesamo ndi iwo, ndipo belu ankaliza ndi iwo. Belu lake linali chidutswa cha njanji chopachika pamtengo wa mango, chomenyera chake chibawuti chachikulu cha mu mgodi.

Tsiku limene anamva kuti mkazi wa mlaliki watsopano ndi Nachisale, a Sikelo anakhala pansi n'kulira ngati mwana.

"Ine ndine Chisale," anatero. "Ndiye kuti Mulungu wanditumizira mlongo wanga kudziko la eni."

Kuyambira pamenepo nkhuku ya a Sikelo ikaikira, dzira loyamba linali la mlongo. Masawu akapsa, mbale yoyamba inali ya mlongo. Alongo anga nawo anawakonda ndi mtima wonse, ankawachapira ndi kuwasokera zigamba.

M'chaka chachiwiri chifuwa cha mu mgodi chinawagwetsa a Sikelo. Alongo ankapita tsiku ndi tsiku ndi phala. Tsiku lina nkhalambayo inawagwira dzanja.

"Mlongo, kwathu sindidzakuonanso. Mafupa angawa adyedwa ndi dothi la eni, palibe kanthu. Koma nyimbo ija ya ulendo, ija munaimba pa Pasaka, amayi anga ankaiimba ku Kasungu akamapalira. Mudzandiimbire ndikamatsika m'dzenje. Ndikadzaimva ndidzadziwa kolowera."

"Ndidzaimba, alongo anga. Musadere nkhawa."

"Mwalonjeza?"

"Ndalonjeza."

Sipanathe sabata, a Sikelo anatsikira kuli chete. Akulu a mpingo anabwera kwa alamu kudzakonza za mwambo, atatsogozedwa ndi a Fulaye, mkulu wofatsa amene anabadwira m'komboni momwemo. Alamu anawalandira ataimirira.

"Malemuwa sanali mkhristu wokwanira," anatero. "Belu silidzalira, amayi sadzavala zoyera, nyimbo sidzaimbidwa. Ndidzapereka pemphero lalifupi pakhomo, basi."

"Abambo, pepani," anatero a Fulaye atagwira chipewa pachifuwa. "Kuno timaona mosiyana pang'ono. Maukwati a makolo athu ambiri kuno ndi okhota chonchi. Abusa amene ankabwera kale ankatsinzina diso limodzi. Madalawa atilizira belu moyo wawo wonse."

"Ndiye chifukwa chake mpingo wanu uno uli ngati msika. Ine sananditume kudzatsinzina."

Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Munthu wanzeru akanakumbukira zimenezo n'kusiya eni malo aike munthu wawo mmene amaikira. Koma alamu anga nzeru zawo zinali za m'mabuku. Kunyumba alongo anagwada, munthu wamkulu wa maondo otupa.

"Bambo, ndinalonjeza. Ndime imodzi yokha."

"Munalonjeza ndi chilolezo cha yani? Mkazi wa mlaliki aziyambitsa kuphwanya lamulo? Mukatero mawa ndiwauza chiyani anthu?"

Anakaika maliro masana dzuwa likuswa mtengo, kumanda a machona, kuseri kwa milu ya dothi loyera la mu mgodi. Anthu anayenda ulendo wonsewo osaimba, kumangomveka mapazi ndi kulira kwa mai Marwei. Bokosi litayamba kutsika, alongo anga mtima sunapirire. Anakoka mpweya, mawu oyamba a nyimbo n'kutuluka. Amayi onse anadzutsa mitu kuti alandire. Pomwepo alamu anawagwira pamkono n'kufinya. Alongo anaimeza nyimbo ija. Anandiuza pafoni kuti anaimva ikutsika pakhosi ngati mbatata youma. A Sikelo anakwiriridwa ndi phokoso la mafosholo lokha. Anthu akubalalika, mai Marwei anaima n'kuyang'ana, osati alamu, koma alongo anga.

Zinayamba ndi tinthu tating'ono, toti munthu ukanaseka.

Lamlungu lotsatira chibawuti chomenyera belu chinasowa. A Fulaye analiza ndi mwala. Lolemba m'mawa alongo potsegula chitseko anachipeza pakhonde, chitagonekedwa bwinobwino pamphasa pamene a Sikelo ankakhala akabwera ndi mazira. Alamu anati ndi ana opanda mwambo, anachitenga n'kukachitsekera m'kabati ya m'tchalitchi, kiyi n'kuika m'thumba la jekete. Kutacha chinali pakhonde pomwe paja.

Kenako duku loyera la alongo linasowa pachingwe choyanikira. Anafunsa anansi, anayang'ana m'dimba, osalipeza. Amayi osesa m'tchalitchi ndiwo anakalipeza pabenchi lakumbuyo lija, litapindidwa mwaulemu, koma lili ndi dothi lofiira m'mphepete. Pabenchipo panalibe amene ankakhalaponso. Palibe analetsa, anthu anangoyamba kupanikizana kutsogolo. Komabe mpingo ukamaimirira kuti uimbe, benchi lija linkalira ngati pali munthu amene wadzukapo.

Ndiye kunabwera za belu. Kwathu kuno mukudziwa, belu la mapemphero amaliza mofulumira, koma la maliro amamenya kamodzi n'kudikira, kumenyanso n'kudikira. Tsiku lina masana, anthu ali m'minda, njanji ija inalira kamodzi. Ngwee! Nkhuku zinathawira m'tchire. Amayi amene anali kumjigo anayang'ana kumtengo wa mango, pansi pake panalibe munthu, njanji yokha ikugwedezeka pang'onopang'ono. Anthu anaima ndi makasu m'manja kudikira kulira kwachiwiri. Sikunabwere tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Kunadzabwera patapita masiku, anthu atayamba kuiwala, kamodzinso. A Fulaye anauza alongo motsitsa mawu kuti, "Amayi, limeneli ndi belu la maliro, koma woliza sakufulumira." Kuyambira pamenepo komboni yonse inkakhala khutu lili kumtengo wa mango. Ana anasiya kukatola mango pamenepo, zipatso n'kumaolera pansi.

Alamu ankati chitsulo chikatentha ndi dzuwa chimalira chokha, anaphunzitsa zimenezo mu sitandade seveni. Koma chinawachitikira chinthu china chimene sanauze munthu mpaka ine nditafika. Tsiku lina akuchokera kufamu, dzuwa litapendeka, anakumana ndi nkhalamba pamsewu wa fumbi, itasenza sutikesi yakale yomanga ndi luzi, chipewa chitaphimba nkhope. Inawaimitsa ndi dzanja. Chichewa chake chinali chakale, chija ankalankhula agogo athu.

"Zikomo apaulendo. Kodi njira ya ku Kasungu ndi iti? Ndazungulirazungulira, aliyense wangoti chete."

Alamu analoza kumsewu waukulu wa mabasi n'kupalasa. Atapita patsogolo pang'ono anacheuka. Munthu uja sanalowere kumene anamulozera. Ankabwera m'mbuyo mwawo, kulunjika kukomboni, ndipo ngakhale iwo anali panjinga, mtunda pakati pawo sunkakula. Anafika kunyumba malaya atanyowa ndi thukuta, n'kunamiza mkazi wawo kuti wawathamangitsa galu.

Lamlungu lotsatira alongo anaimirira kuti ayambitse nyimbo yoyamba monga mwa masiku onse. Anatsegula pakamwa, osatuluka kanthu. Anayesanso, zii. Tchalitchi chonse chinangoti chete, ndipo m'chete mmenemo, kuchokera pabenchi lakumbuyo, munthu anatsokomola. Aliyense anachidziwa chifuwa chimenecho, chifukwa anakhala akuchimva zaka zambiri. Palibe anacheuka. Mtsikana wina anayamba kulira, amayi ake n'kumutseka pakamwa.

Kulankhula ankalankhulabe masiku amenewo, kuimba kokha ndiko kunawachokera. Madzulo ake anandiimbira foni. Mawu awo ankamveka ngati a munthu wolankhula atafunda bulangete kumutu.

"Achimwene, pakhosi panga pali chinthu. Sichikutsika, sichikutuluka."

Tili pakati polankhula ndinamva munthu wamwamuna akutsokomola pafupi nawo, chifuwa cholemera, chochokera pansi penipeni.

"Kodi alamu nawonso akudwala?" ndinafunsa.

"Ayi, ali bwino. Atsala kunyumba akuwerenga."

"Nanga amene akutsokomolayo ndani?"

 "Ndili ndekha pachulu pano," anatero. Ine tsitsi linangoti nyaunyau, foni n'kuduka.

Alamu anawatengera kuchipatala m'tauni. Madokotala anaunika pakhosi, anajambula, anapima magazi, osapeza kanthu. Anawapatsa mankhwala ochukucha m'kamwa. Koma chakudya chinayamba kukana kutsika. Anasiya zolimba n'kumadya phala, kenako phala lamadzimadzi, kenako tiyi wokha. Kulankhula nako kunayamba kuzilala mpaka kutsala kunong'ona. Wilibala ya zigubu inagona chafufumimba kuseri kwa nyumba, mpiru unauma, atsikana a nyimbo ankabwera n'kuima pawindo, osadziwa chochita. Belu lija nalo linayamba kulira pafupipafupi, kawiri pasabata, kenako tsiku lililonse.

Mai Marwei anabwera okha, atavala zakuda zaumasiye. Anakana mpando n'kukhala pansi pakhonde. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka koma chomveka.

"Abambo, mwamuna wanga sanapite. Akuyenda m'komboni muno, njira sakuiona. Itanani anthu, lizani belu, amayi avale zoyera. Tipite kumanda tikamuimbire nyimbo yake."

"Kumeneko ndi kupembedza akufa," anayankha alamu. "Ine sindingatsogolere mpingo kukagwadira manda. Ndipo ngati pali chinthu, bwanji sichikugwira ine amene ndinaletsa?"

"Inu akugwirani pati? Paliponse ndinu mwala. Wagwira pofewa, pamene mungamve kuwawa. Komanso amene analonjeza si inu."

Alamu anawathamangitsa mayi aja pakhomo. A Fulaye ndiwo anakwera pachulu n'kundiimbira, nambala ataitenga mufoni ya alongo. Anangoti, "Ngati mukufuna kuwapeza amoyo, nyamukani."

Ndinadzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda, mtima ukuwira njira yonse. Nditalowa m'chipinda sindinawazindikire alongo anga. Mayi wathupi uja anali atatsala mafupa okhaokha, maso atalowa mkati. Anandigwira dzanja, milomo n'kumagwedezeka, koma mawu osamveka. Ankangoloza pakhosi, kenako n'kuloza kumanda. M'chipindamo munkanunkha dothi lonyowa, chonsecho kunja mvula inali isanagwe miyezi yambiri.

Ndinawakokera alamu panja. Anali ataonda nawonso, ndevu zosameta, koma Baibulo lili m'khwapa. Ndi pamene anandiuza za nkhalamba ya sutikesi ija. Ndinaganiza kuti afewa. Koma nditatchula za kumanda anayambanso za malamulo.

"Alamu," ndinatero, "mkazi ndi wanu, koma mbumba ndi yanga. Kwathu munabwera kudzapempha, sitinakugulitseni munthu. Mawa mupita kumanda kuja mukaimbitse nyimbo. Mukakana ndikunyamulani ndekha ngati thumba la chimanga, ndikakuponyeni pamtumbirapo."

"Mukundiuza kuti ndichimwire Mulungu?"

"Mulungu wake uti amene anakutumani kumana munthu wakufa nyimbo? Inakudyerani chiyani nyimboyo?"

Ndisanatseke pakamwa, njanji inalira. Ngwee! Tonse tinatembenuka. Dzuwa linali likulowa, mtengo wa mango unkaoneka bwinobwino, pansi pake panalibe munthu. Tisanapume inaliranso, kenako kachitatu. Zitseko za m'komboni zinayamba kutsekedwa chimodzichimodzi. Baibulo linagwa m'khwapa mwa alamu, osalitola.

"Itanani a Fulaye," anatero ndi mawu aang'ono. "Mawa m'mawa tipita."

Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Choipa chake nkhwangwayo inali m'mutu mwa mlongo wanga.

Kutacha alamu analiza belu ndi manja awo, mwamaliro, chibawuti atachitola pakhonde. Amayi anavala zoyera, abambo majekete, komboni yonse inatuluka. Alongo anakana kutsala. Tinawagoneka pamatiresi m'ngolo ya abulu, ine n'kukhala pambali pawo kuwatchingira dzuwa ndi ambulera. Abuluwo atafika pamilu ya dothi loyera anakana kupitirira, mpaka anyamata anawamasula n'kukoka ngoloyo okha. Kumanda kunali bata loti ngakhale mbalame osamveka. Mtumbira wa a Sikelo unali wofiira, wonyowa, ngati aika dzulo.

Alamu anavula chipewa n'kuima kumutu kwa manda. Anayesa kulankhula ngati mlaliki, mawu n'kuwathawa. Mapeto ake anangoti, "A Sikelo, ndinakulakwirani ndine. Musiyeni mkazi wanga."

Anakodola atsikana aja kuti ayambitse. Atsikanawo anayang'anana, palibe anatha. Amayi akuluakulu anayesa, nyimbo n'kumafera m'kamwa. Tinaima choncho, thukuta likutsika, aliyense maso pansi.

Kenako ndinamva dzanja pabondo langa. Alongo ankafuna kudzuka. Ndinawakhazika tsonga, msana wawo utatsamira pachifuwa changa. Anakhosomola kamodzi, ndipo nyimbo inatuluka.

Anthu inu, ine ndinakulira m'mawu amenewo, koma sindinawamvepo akuimba ngati tsiku limenelo. Munthu woti sanadye masabata, mawu ake anadzaza manda onse mpaka kukagunda kumilu kuja n'kubwerera. Amayi analandira, abambo analowa ndi mawu apansi, mai Marwei anagwa chafufumimba pamtumbira akulira. Ndipo pakati pa mawu a abambowo panali ena amene sankachokera pamene abambo anaima. Anali okalamba, osasa, ochedwa pang'ono ngati a munthu amene akukumbukira nyimbo ya ubwana wake. Ndinawamva kumbuyo kwanga, pafupi ndi khutu, pamene panalibe munthu koma thayala la ngolo. Sindinacheuke, ndipo sindikunama, mikodzo inatsala pang'ono kundipulumuka.

Alongo anaimba ndime zonse osadumpha ngakhale imodzi. Alamu ankalira poyera, akuseka uku akulira, akuti, "Achira! Mwaona, achira!" Ine ndemwe ndinakhulupirira. Nyimbo itatha kunawomba kamphepo kozizira, kodutsa pakati pathu kulowera kumpoto. Alongo anatsamira kwambiri pachifuwa changa. Ndinati apumule kaye, atopa. Nditawayang'ana kumaso, anali atapita.

Mai Marwei anadzuka, anasansa dothi pachitenje, n'kubwera kudzawatseka maso ndi dzanja lawo.

"Akanamuimbira tsiku lija akanapita yekha," anatero. "Wasochera nthawi yaitali. Tsopano sakhulupiriranso zolozeredwa, watenga womuperekeza."

Ndinakwiya ndi a Sikelo, musaganize kuti ndinawakhululukira. Munthu amene anakuchapira, kukuphikira phala, kukutcha mlongo, ndiye ukamutenge? Koma wakufa sungamutengere kubwalo. Mkwiyo wanga wonse unatsalira amene anali ndi moyo, alamu, amene ndinkakhala nawo mpando umodzi m'galimoto yonyamula bokosi, njira yonse mpaka ku Linthipe. Sindinawalankhule ngakhale liwu limodzi. Ku Tete anandipatsa botolo la madzi, ine n'kuyang'ana kuwindo.

Maliro a alongo anga anali aakulu, ena mwa inu munalipo. Mipingo yonse ya m'dera lino inabwera, amayi a zoyera anadzaza kuyambira pasiwa mpaka kumsewu. Munthu amene anaimbira maliro a aliyense, tsiku lake anthu anabwera kudzabweza. Anaimba kuyambira pamene bokosi linatsika m'galimoto. Alamu anakhala pampando pakhonde atazolika, osadzutsa mutu, ndipo anthu ankati ndi chisoni. Ndinaona kuti nthawi ndi nthawi ankatokosa m'khutu ndi chala, n'kuyang'ana amayi aja modabwa. Munthu akawapatsa moni ankayankha bwinobwino. Mwana atagwetsa mbale kuseri kwa nyumba anadzidzimuka. Makutu awo anali abwino.

Kumanda anaima pafupi ndi ine. Bokosi litayamba kutsika, amayi anayambitsa nyimbo ya ulendo ija, chifukwa mbiri inali itafika kale kuti ndiyo anatsirizira. Khamu lonse linalandira, mpaka nthaka kumanjenjemera kumapazi. Adzukulu anayamba kukwirira.

Pamenepo alamu anandigwira pamkono. Maso awo ankathamanga pankhope za anthu, pakamwa pa uyu, pakamwa pa uyo.

"Alamu," anandinong'oneza, "bwanji anthuwa angoyasamula? Bwanji sakuimba?"

Anandikoka mkono.

"Ndikumva mafosholo okha. Chonde auzeni ayambe, dzenje likudzaza. Mkazi wanga anali mkhristu wokwanira, sanalakwe kanthu. Asapite chete ngati galu. Inu ndinu mwini mbumba, akumverani. Auzeni amuimbire!"

Anagwada pafumbi pomwepo atandigwira thalauza, mkulu wa mpingo, mphunzitsi wamkulu, akupempha ndime imodzi yokha. Anthu oyandikira anaganiza kuti chisoni chawasokoneza mutu. Ine ndekha ndinadziwa chimene chinkachitika, ndipo ndikanatha kuwerama n'kuwauza kuti mudzi wonse ukuimba, kuti mkazi wawo akupita ndi ulemu umene sanauonepo munthu wina kuno. Mawu ochepa chabe akanawatonthoza.

Ndinachotsa dzanja lawo pathalauza langa, n'kupitiriza kuimba.